Buku Lothera pa Tsamba 416

4 Febuluwale

Okondedwa Achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino kumeneko ndi makatoni anu a mabuku. Ine ndilipo, kungoti msana, poti ine ndi makina osokerawa tikukalambira limodzi. Bambo ndiye ali choncho. Miyendo yatupanso, ndipo adokotala anena mosabisa kuti mtima wawo watopa. Nditafunsa kuti tiyembekezere chiyani, anangoti, "Muziwapatsa zimene akufuna." Ndinu wamkulu, tanthauzo lake mukulidziwa.

Phukusi lafika Lolemba. Lamba wa makina ndalandira, zikomo. Koma bukuli, Achimwene, mwatiyambitsira nkhondo m'nyumba. Nditawauza Bambo kuti ndi la a Chindevu, mlembi wawo wapamtima uja, anadzuka tsonga pabedi, munthu woti masiku ano ndimachita kumukoka. Ankayesa ndi lachikhumi. Paja chichitireni khungu ndawawerengera mabuku onse asanu ndi anayi a zinjoka zouluka aja, ena kawiri, masana alionse ndikaimitsa makina, ndipo lomaliza akhala akulidikira zaka zinayi. Ndiye ndiwerenge kuchikuto, ati buku loima palokha, anthu atsopano, dziko latsopano, chinjoka mulibe ngakhale chimodzi. Bambo anandilanda, n'kuliyeza m'manja ngati mmene ankayezera mawotchi a anthu aja, kenako n'kuti, "Munthu ameneyu alibe manyazi. Wasiya ana a mfumu ali pakhomo pa phanga zaka zinayi, iye n'kupita kukamanga nyumba ina?"

Tsono funso langa ndi ili, ndipo muyankhe ngati munthu wamkulu. Bambo akutopa msanga, tikawerenga masamba khumi patsiku ndiye kuti tachita bwino. Bukuli lili ndi masamba 448. Umenewo ndi mwezi ndi theka, ndipo sindikudziwa kuti tatsala ndi miyezi ingati. Iwo akuti bola tibwereze lachitatu lija amalikonda. Kodi bukuli n'loyenera kudya masiku awo otsalawa? Inu munaliwerenga? Musandiuze zolembedwa kuchikuto, maso ndili nawo.

Ine mlongo wanu,
Kasingano

15 Febuluwale

Kasingano mlongo wanga,

Moni kwa iwe ndi kwa Bambo. Kalata yako ndailandira, ndipo ndaona kuti kubaya sunasiye.

Ukufunsa ine ngati ndinawerenga? Iwe, m'manja mwangamu mumadutsa mabuku zikwizikwi patsiku. Nyumba yosungiramo mabuku imene ndimagwirayi ndi yaikulu kuposa msewu wathu wonse. Sabata ino yokha tatumiza makatoni mazana atatu a buku limenelo, mpaka mapewa andiwawa. Anthu akuima pamzere m'masitolo kulifuna. Kodi anthu onsewo ndi opusa?

Ndinaliwerenga, inde, ndipo pamapeto pake ndinagwetsa misozi, ine bambo wamkulu ndi ndevu zanga. Uwauze Bambo kuti ubwino wa limeneli ndi woti limatha. Palibe zodikira lachiwiri, palibe zosiyidwa pakhomo pa phanga. Nkhani yayamba m'chikuto chomwecho, yathera momwemo. Kwa munthu amene watopa n'kudikira, mankhwala ake ndi amenewo. Yambani mawa lomwe, mudzandithokoza.

Zobwera kumeneko, abwana akuti tchuthi mpaka Juni. Bambo ndi olimba aja, madokotala amangoopseza.

Mchimwene wako

8 Malichi

Achimwene,

Moni. Bambo akupereka moni, koma wanga wachepa.

Tili pa tsamba 100 ndipo palibe chachitika. Palibe! Mayi wina wosula makiyi, mwana wake wamkazi anatengedwa kupita mumzinda wa makomo khumi ndi awiri, ndiye m'malo mothamanga kukamufuna, mayiyu akusula makiyi. Masamba asanu ndi atatu kufotokoza moto wa m'chipala. Masamba anayi kufotokoza nsapato za msilikali wotsimphina amene wadzipereka kumuperekeza. Ine mawu asasa, Bambo akugona pakati pa chiganizo, ndipo ndikasiya akudzidzimuka n'kufunsa kuti, "Anyamuka?" Ine, "Ayi, akadasula." Dzulo anati, "Akanakhala wophunzira ntchito wanga ndikanamuthamangitsa kalekale." Masiku khumi a moyo wa munthu wodwala apita ndi nsapato za msilikali. Mlandu umenewu ndi wanu.

Ndikupitiriza pa 11 Malichi, poti sindinapeze mpata wopita ku positi. Anyamuka, Achimwene. Afika pa khomo loyamba. Kani khomo lililonse munthu akadutsa limamulanda chinthu chimodzi chimene amakumbukira, ndipo sasankha yekha! Loyamba lamulanda mayi uja njira ya kwawo. Lachiwiri lamulanda nyimbo imene ankagonekera mwana. Pamenepo Bambo anandigwira mkono n'kuti, "Bwereza." Ndinabwereza. Kenako anati, "Chindevu ndi mfiti. Makiyi aja ankasulira dala pang'onopang'ono kuti tiwadziwe manja a mayiyu." Lero tawerenga masamba khumi ndi asanu ndi atatu, ndipo diresi ya mkazi wa wophika buledi ikadali yopanda manja chifukwa cha inu.

Sindinanene kuti mwakhoza. Ndangoti anyamuka.

Kasingano

25 Malichi

Achimwene,

Mwakhala chete, kaya ndi makatoni. Kuno mapiritsi awonjezera, kupuma kukuvuta akagona chagada, ndiye ndawaunjikira mapilo atatu.

Za pa khomo lachisanu ndi chiwiri sindinena, mukuzidziwa kale. Mukanatichenjeza! Bambo sanadye tsiku limenelo, ndipo anamutukwana Chindevu mawu amene sindinawamvepo pakamwa pawo. M'mawa mwake ndi iwo omwe anayamba kufunsa kuti, "Makina ako uimitsa nthawi yanji?" Akuti ndikuuzeni kuti za zinjoka zija zinali zosangalatsa, koma ili likuwagwira pena pake. Akuwerengera makomo ndi zala. Atsala asanu.

Kasingano

9 Epulo

Achimwene,

Moni ndilibe lero.

Dzulo tinafika pa khomo lomaliza. Mayi uja waiwala dzina la mwana, waiwala nkhope yake, chatsala n'chakuti akudziwa kuti pali munthu amene akumufuna. M'manja muli kiyi womaliza, ndipo akudziwa kuti akatsegula, nachonso chipita. Tsamba 416 likutha ndi mawu oti analowetsa kiyi. Bambo anali atakhala tsonga, atagwira bulangeti ndi manja onse. Nditembenuze tsamba, ndikupeza 385. Ndinayesa kuti ndi maso anga. Ndinapitiriza, 386, 387, mpaka 416 kachiwiri, kenako chikuto. Masamba makumi atatu ndi awiri omaliza mulibe, anangobwereza akale omwe. Bambo akuti, "Wasiyiranji?" Ine ndikungotembenuza masamba. Ndinganene chiyani kwa munthu amene ndinamulonjeza kuti ili lokha limatha?

M'mawa uno ndinathamangira kwa wogulitsa mabuku a sukulu uja wa pafupi ndi siteshoni. Alibe, ndipo sanaligulitsepo. Koma atalitembenuza anandionetsa mzere wofiira m'mphepete mwa masamba kunsi kwake, n'kuseka. Akuti chimenecho ndi chizindikiro cha mabuku olakwika pomanga, oyenera kutayidwa, ndipo aliyense wogwira ntchito ya mabuku amachidziwa. Aliyense, Achimwene! Ndiye kuti munatola pamulu wa zotaya n'kuwatumizira bambo anu okubalani? Mwatigwiritsa fuwa lamoto. Ku laibulale nakonso kulibe, ati mwina chaka chamawa. Ndinangotuluka.

Tumizani lina lathunthu lero lomwe. Ndipo poti positi ya maphukusi imachedwa, khalani pansi mulembe m'kalata mmene nkhaniyi imathera, inu amene munagwetsa misozi ndi ndevu zanu. Bambo akufunsa kanayi patsiku ngati wa makalata wadutsa. Mapazi awo sakulowanso m'masilipasi.

Kasingano

19 Epulo

Mlongo wanga,

Pepa, pepa kwambiri. Mzere wofiirawo ndinauona, koma ndinkayesa vuto ndi chikuto chokha, poti chinali chokandika pakona. Ambiri pamulu umenewo amakhala abwinobwino mkati. Tsoka ndi lakuti kuno onse atha, mashelefu ali mbee, tikudikira kuti asindikize ena. Ndikufunafuna. Pakali pano uwawerengere Bambo izi.

Mayi uja anapotokola kiyi, koma kiyi anathyokera momwemo. Pamenepo msilikali wotsimphina uja anati, "Patukani, mayi," n'kugunda chitseko ndi phewa katatu mpaka chinagwa. Mayi analowa, ndipo atangoponda mkati anaiwala chimene anadzera. Anaima pakati pa bwalo lalikulu, anthu akungomudutsa, iye akuyang'ana manja ake osadziwa kuti zipsera zonsezo anazitenga kuti. Anatembenuka kuti azibwerera.

Ndiye panali mtsikana wina amene ankatunga madzi pakona. Nkhope ya mayiyo sanaizindikire, poti inali itakalamba ndi ulendo. Koma anaona manja aja. Anasiya mtsuko, n'kupita kukawagwira. Mayi anafunsa kuti, "Ndiwe yani, mwanawe?" Mtsikana anati, "Musavutike, amayi. Inu mwaiwala, koma ine ndikukudziwani. Ndinkafuna kubwera ndekha, koma ndinachita manyazi kuti ndakhalitsa." Mayi anati, "Kwathu sindikukudziwa." Mtsikana anati, "Ndikukudziwa ine." Anawagwira dzanja, natuluka makomo onse khumi ndi awiri, mwana patsogolo, mayi pambuyo, ndipo pa khomo lililonse mwana ankawauza chimene anaiwala pamenepo. Pa lachiwiri anawaimbira nyimbo ija.

Imathera pamenepo. Uwapatse moni Bambo.

Mchimwene wako

29 Epulo

Achimwene,

Msilikali wotsimphina anafa pa tsamba 231. Anafa pa khomo lachisanu ndi chiwiri, mayi uja anamukwirira ndi manja ake, ndipo atadutsa khomolo anamuiwala. Ndicho chifukwa chake Bambo sanadye tsiku lija. Inu mwamudzutsa kumanda kuti adzagunde chitseko ndi phewa!

Ndinawerenga kalata yanu mokweza ndisanaione ndekha, chitsiru ine. Nditafika pa "Patukani, mayi," ndinasiyira pomwepo. Simunawerenge. Simunatsegule n'komwe. Munatola msilikali kuchikuto, nyimbo munaitola m'kalata yanga, zotsalazo mwaphika nokha. Ndinakufunsani funso limodzi lokha, ndinakuuzani kuti masiku ndi owerengeka, inu n'kundiyankha ndi makatoni mazana atatu. Mwandinyansa, Achimwene, ndipo sindikubisirani. Ndikanaing'amba kalatayo, koma Bambo anati ndimalize. Tsopano akuti ndilembe mawu awo, ndipo ndilemba monga akunenera.

"Mwana wanga, ndine bambo ako. Ndakonza mawotchi zaka makumi anayi, ndipo wotchi yonama ndimaimva ndi khutu ndisanaitsegule. Kalata yako ya Febuluwale ndinaimva kuti ikuthamanga. Ndinangokhala chete chifukwa buku linachokera kwa iwe. Za bukuli, poti iwe sukudziwa, ndikuuze ndine. Masamba zana oyamba ndi chilango, koma munthu apirire. Kuyambira pamenepo Chindevu sanalembepo chinthu chonga ichi, ndipo ndamukhululukira za zinjoka. Koma sindinganene kuti ndi labwino ndisanamve mathero, poti wotchi timaiyamika ikafika pa ola. Ndikufuna kudziwa ngati mayi uja anatsegula. Peza bukulo. Ukalipeza usavutike ndi phukusi, ung'ambe masamba omalizawo, uike mu envelopu. Sindikukalipira. Mlongo wako wakalipa kale zokwanira tonse awiri."

Mwamva. Mawu amenewa awanena mopumira katatu.

Kasingano

12 Meyi

Bambo, ndi iwe mlongo wanga,

Ndilibe poyambira. N'zoona, sindinawerenge. Zaka khumi ndi ziwiri ndikunyamula mabuku, sindinamalizepo ngakhale limodzi. Ndikaweruka maso amakhala akuyaka, ndipo zilembo ndimaziona ngati manambala a pa katoni. Ndinachita manyazi kunena, poti kwathu kuwerenga ndi kwa inu awiri, ine ndinali wonyamula chabe. Ndinafuna kuti kamodzi kokha ndikhale nawo m'nkhani zanu.

Buku ndalipeza Lachisanu kwa munthu wogulitsa mabuku akale m'mbali mwa msewu. Ndawerenga manambala a masamba limodzilimodzi, onse 448 alimo. Koma Bambo, ndiloleni. Sindikufuna kukutumiziraninso chinthu chimene sindikuchidziwa, ndipo kuyamba ndi mapeto kungakhale kuba kachiwiri. Ndayamba pa tsamba loyamba. Ndikuwerenga pa nthawi yopuma masana, nditakhala pa katoni, ndiponso m'basi popita ndi pobwera. Ndili pa 74, mayi akadasula makiyi, ndipo ndikupirira monga mwanenera. Sabata ziwiri zokha. Ndikamaliza nditumiza lonse lathunthu, losang'ambika, ndipo funso lija ndidzaliyankha ndi pakamwa poyera.

Mwana wanu

21 Meyi

Achimwene,

Mwapenga kodi? Ndani wakupemphani pakamwa poyera? Bambo sakudzukanso, madzi ndikuwamwetsa ndi supuni, inu muli pa katoni kudzikonza mtima! Kulapa kwanu mudzachite ndi nthawi yanu, iyi ndi yawo. Tengani lumo, dulani masamba 417 mpaka 448, ikani mu envelopu, thamangani ku positi. Lero, Achimwene. Ndakugwirani mwendo.

Kasingano

25 Meyi

Bambo, ndi iwe Kasingano,

Ndamaliza! Ndamaliza lero m'basi, mpaka ndinapitirira potsikira. Sindinalandire yankho la kalata yanga, ndiye ndikuyesa mwandilola. Tsopano ndikhoza kuyankha. Inde, n'loyenera kuwerenga, ngakhale munthu atatsala ndi masiku ochepa bwanji. Msilikali uja ndamulira, ndipo ndamupepesa. Mapeto ake sali ngati anga aja ngakhale pang'ono. Anga anali a mwana wa sukulu. Sindinena kanthu, mumve nokha mmene mwini wake analembera. Phukusi ndaponya masana ano, ndalipirira yachangu. Bambo, ndikabwera mu Juni tidzakambirane za khomo lachisanu ndi chinayi, pali pena pamene sindikugwirizana naye Chindevu.

Mwana wanu

3 Juni

Achimwene,

Telegalamu munailandira, ndiye sindibwereza. Anapita Lachinayi pa 28, dzuwa likupendeka, nthawi yathu yowerenga. Tinawaika Loweruka. Phukusi lanu lafika dzulo, lachangu lija, pamodzi ndi kalata yanu yachisangalalo. Wa makalata anachita kuvula chipewa pondipatsa.

Ndakwiya nanu, ndipo sindikudziwa kuti ndidzaleka liti. Munali nalo m'manja kuyambira pa 8 Meyi. Masiku makumi awiri, Achimwene. Envelopu imodzi ikanafika kawiri. Nditawawerengera kalata yanu yoti mwayamba pa tsamba loyamba, ine ndinalavula moto, koma iwo anaseka mpaka kutsokomola, ati, "Musiye. Wayamba kuwerenga." Ndinakulemberani yokalipa ija iwo asakudziwa.

Pali china chimene sindinkafuna kukuuzani, chifukwa simukuyenera kuchimva, koma si changa choti ndisunge. Sabata yomaliza ndinawafunsa ngati tibwereze lachitatu la zinjoka lija. Anakana. Anati nditenge kalata yanu ya mu Epulo, ya bodza ija. Ndinati, "Bambo, mwaiwala kuti msilikali anafa?" Anati, "Podumpha ukupadziwa." Ndiye ndinkayambira pamene mayi waima pabwalo. Lolemba, Lachiwiri, Lachitatu, Lachinayi. Ndikafika pamene mtsikana akuti anachita manyazi kuti wakhalitsa, ankati, "Bwereza." Lachitatu anandiuza kuti, "Apa si Chindevu, apa akulankhula ndi mwana wanga." Zaka zisanu ndi zinayi ndawawerengera mabuku enieni mpaka mawu kusasa, ndipo chomaliza chimene anamva pakamwa panga ndi bodza lanu la masamba awiri. Ndinaliwerenga bwino, musade nkhawa. Ndinalira pambuyo pake, ndili ndekha ku makina.

Phukusi sindinatsegule, ndipo sinditsegula. Musandilembere mmene imathera, mwalemba zokwana. Mukafika pa 15 mudzalitsegula nokha, mudzakhala pampando wanga uja wa pambali pa bedi, mudzayambira pa tsamba 417, mokweza, osathamanga. Ine chibadwire palibe anandiwerengerapo buku.

Mlongo wanu,
Kasingano